NDANI ADZAMULANKHULIRA? MAWU KWA AKHRISTU ONYOZA MALOYA



Lero ndalemba motalikitsa, ndipo ndalemba motsutsa. Pali mawu amene akuyenda pakati pathu ngati kuti ndi chiphunzitso cha mpingo. Timawamva pa siwa, timawamva m'milaga, timawawerenga m'magulu athu a WhatsApp. Akuti loya ndi munthu wogulitsa lilime. Akuti woimira chigawenga m'khoti ndi chigawenga chinzake, kungoti chavala mkanjo wakuda. Akuti mwana wa Mkhristu akaphunzira zamalamulo asayerekeze kuteteza wakupha. Ine ndikuti mawu amenewa ndi olakwa. Sachokera m'Malemba, sachokera kwa makolo athu a m'chikhulupiriro, ndiponso sachokera pabwalo la mfumu. Ndi mawu a khamu, ndipo musaiwale kuti khamu ndi limene lidasankha Baraba.

Kuti timvane bwino, ndikutengerani kaye ku America ndi ku Britain, kumene luso la loya limaonekera poyera chifukwa cha kazengedwe kawo ka milandu. Kumeneko mlandu waukulu, monga wa kupha, suthera m'manja mwa jaji yekha. Boma limaitana anthu wamba, kawirikawiri 12: mlimi, mphunzitsi, woyendetsa basi, mayi wogulitsa m'sitolo. Ku Scotland, kwawo kwa amishoni amene adafika ku Blantyre ndi ku Livingstonia, amakhala 15. Gulu limeneli amalitcha jury. Jaji amalongosola lamulo ndi kusunga mwambo wa bwalo, koma funso lakuti munthuyu adachitadi kapena ayi limayankhidwa ndi anthu wambawo, atakhala paokha m'chipinda chotseka. Ngakhale kwathu kuno, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, milandu ya kupha inkazengedwa motero ku High Court kwa zaka zingapo, njirayo isanaimitsidwe.

Chotero loya wa kumeneko salankhula ndi akatswiri anzake okha. Ayenera kufika pamtima pa anthu 12 osawadziwa, amene alowa m'bwalo atasenza kale mantha awo ndi tsankho lawo. Apa ndi pamene onyoza maloya amati: "Mwaonatu, n'kuseweretsa mitima ya anthu basi." Tiyeni tione ngati zilidi choncho.

Mmodzi mwa maloya otchuka kwambiri pa ntchito imeneyi adali Clarence Darrow wa ku Chicago. Ndinene msanga kuti sadali munthu wopemphera. Mu Julayi 1925, pa mlandu wa mphunzitsi John Scopes ku Dayton, m'chigawo cha Tennessee, Darrow adaimika William Jennings Bryan ngati mboni, namupanikiza ndi mafunso otonza Baibulo pamaso pa anthu. Bryan ameneyo adali mkulu wa mpingo wa Presbyterian, monga ndilili inemu. Ndipo mu 1936, polemba m'magazini ya Esquire za kasankhidwe ka jury, Darrow adalangiza maloya oteteza kuti akaona munthu wa Presbyterian akudza kudzakhala pa jury, amuchotse mwamsanga. Chifukwa chake adati ndife ouma mtima, odziwa kusiyanitsa chabwino ndi choipa, koma ovuta kupeza chabwino mwa munthu mnzathu. Mawu amenewa amawawa. Asungeni kaye pambali, tiwabwerera.

Patangopita miyezi iwiri chichitikire mlandu wa ku Dayton, mumzinda wa Detroit mudabuka nkhani ina. Dokotala wachikuda, Ossian Sweet, adagula nyumba mumsewu wa Garland, dera limene munkakhala azungu okhaokha. M'miyezi ya m'mbuyomo, makamu a azungu adali atathamangitsa kale anthu ena akuda amene adayesa kukhala m'madera otere. Podziwa zimenezi, Sweet posamuka pa 8 Seputembala 1925 adatenga abale ake, anzake ndi mfuti. Usiku wa pa 9 khamu lidaunjikana kunja, miyala idayamba kugwa padenga, magalasi nasweka. Zipolopolo zidatuluka m'nyumbamo. Mzungu wina, Leon Breiner, adafa, wina navulala mwendo. Apolisi adamanga anthu onse 11 amene adali m'nyumbamo, ngakhale mkazi wa dokotalayo, Gladys, mayi wa mwana wamng'ono, ndipo onse adaimbidwa mlandu wa kupha.

Taganizani. Mtembo ulipo. Mfuti zilipo. Omangidwa ndi akuda, wofa ndi mzungu, jury yonse ndi ya azungu, ndipo mzindawo uli ndi otsatira ambirimbiri a gulu lankhanza la Ku Klux Klan. Mukadaiwerenga nkhani imeneyi pafoni m'mawa mwake, ambiri a inu mukadalemba kuti: "Anyongedwe basi, kutaya nthawi ndi khoti n'kwachiyani?" Bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, lidapempha Darrow, ali ndi zaka 68, kuti awaimire. Iye adavomera. Tsono onani mmene adagwirira ntchito yake, ndipo mundiuze pamene pali bodza.

Choyamba, kusankha omvera mlandu. Mlandu usanayambe, maloya a mbali zonse ziwiri amaloledwa kufunsa aliyense woitanidwa ku jury, ndi kukana amene akuoneka kuti waweruza kale mumtima mwake. Angathenso kukana owerengeka popanda kupereka chifukwa, ngakhale kuti mu 1986 bwalo lalikulu la dzikolo lidaletsa kukana munthu chifukwa cha khungu lake. Darrow ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyi pocheza ndi anthuwo ngati mnansi, m'chilankhulo chapansi, kuti adziwe ngati munthuyu angathe kumva kulira kwa mnzake. Kodi uku n'kunyenga? Kodi inu mungalole kuti mlandu wa malire a munda wanu uweruzidwe ndi mlamu wa amene mukulimbana naye?

Chachiwiri, kufunsa mboni. Boma lidabweretsa mboni pafupifupi 70, ndipo zambiri zidalumbira kuti usikuwo kudali bata, panalibe khamu, anthu ankangopitidwa mphepo pamakomo pawo. Darrow sadazikalipire. Ankafunsa mofatsa, funso limodzi pa nthawi: mudaima pati, mudali ndi yani, mudatulukiranji m'nyumba, mudalowa bwanji m'bungwe la eni nyumba a m'deralo, ndipo bungwelo lidakhazikitsidwa kuti lichite chiyani? Pang'ono ndi pang'ono zidaululika kuti bungwelo lidali lotsekereza anthu akuda. Mnyamata wina lilime lidamuterereka, natchula khamu lalikulu, kenaka n'kuyesa kubweza mawu ake, mpaka adavomera kuti adachita kulangizidwa zoti anene. Ndipo chiwerengero cha mbonizo chidadzitsutsa chokha: anthu ochuluka chotere angaone bwanji ndi maso awo kuti pamalopo panalibe anthu? Buku la Miyambo, mutu 18, limatichenjeza kuti woyamba kufotokoza mlandu amamveka wolungama kufikira mnzake atabwera kudzamufunsa. Kufunsa mboni si mwano. Ndi chipande chopetera mankhusu.

Chachitatu, kuonetsa kuti womangidwayo ndi munthu. Darrow ndi mnzake Arthur Garfield Hays adaimika dokotala Sweet kuti afotokoze moyo wake. Woimira boma adakana, nati zakale sizikukhudza mlandu. Jaji Frank Murphy adalola, pakuti funso lenileni lidali lakuti: kodi anthuwa adali ndi chifukwa chomveka choopera moyo wawo? Sweet adafotokoza za ubwana wake ku Florida, kumene munthu wakuda adatenthedwa ndi khamu m'tauni ya kwawo ya Bartow, ndi za zipolowe zina zimene anthu a mtundu wake adaphedwamo. Adati potsekula chitseko usikuwo adaona khamu lomwe lija limene lakhala likusaka anthu a mtundu wake kuyambira kale. Azungu 12 aja, mwina koyamba m'moyo wawo, adaima mkati mwa nyumbayo n'kuyang'ana kunja, m'malo moima kunja n'kuyang'ana mkati.

Jury yoyamba idakangana maola 46 osamvana chimodzi, mlandu n'kuyambidwanso. Mu 1926 boma lidazenga Henry Sweet yekha, mng'ono wa dokotalayo, amene adavomera kuti adawombera.

Chachinayi, mawu otsiriza. Pa 11 Meyi 1926 Darrow adalankhula kwa maola pafupifupi 7. Loya wonyengerera akadawauza anthuwo kuti ndi olungama, opanda tsankho. Darrow adawauza pamaso kuti ali ndi tsankho, ndi kuti mlanduwo wagona pa tsankholo. Adawapempha kuti autembenuze: akadakhala azungu 11 otsekeredwa m'nyumba yawo, khamu la anthu akuda likugenda, kodi wina akadawazenga mlandu? Sakadawatama kodi? Patapita masiku awiri, jury idakambirana maola osakwana 4, nipeza Henry Sweet wosalakwa. Milandu ya enawo idathetsedwa chaka chotsatira. Jaji Murphy pambuyo pake adakhala mmodzi wa majaji a bwalo lalikulu la dziko lonselo. Koma musaganize kuti banjalo lidatuluka losapweteka: mwana wawo wamkazi ndi Gladys mwini adafa ndi chifuwa chachikulu patangopita nthawi yochepa, ndipo ambiri amakhulupirira kuti nthendayo mayiyu adaitengera m'ndende. Kumangidwa kokha, ngakhale udzamasulidwe, kumasiya chipsera.

Abale anga, njira imene Darrow adatsata ife timaidziwa, pakuti timailalikira. Werengani 2 Samuele 12. Mneneri Natani sadalowe kwa Davide ndi mndandanda wa malamulo. Adamusimbira za munthu wolemera wa nkhosa zambiri amene adalanda kamwana kankhosa kamodzi ka mnansi wake wosauka. Mfumu itapsa mtima n'kugamula mlandu, Natani adailoza chala kuti munthuyo ndi iyo yomwe. Adaichotsa pampando wake, naiika pamalo a wolakwiridwa, kuti ione zimene ulemerero udaibisira. Amenewa si matsenga. Ndi mmene choonadi chimalowera mumtima woumitsidwa. Ndipo n'zochititsa manyazi kuti ku Detroit ntchito ya Msamariya idagwiridwa ndi munthu wosakhulupirira.

Tsono wina anena kuti: "Akulu ampingo, mwasankha nkhani yokoma. Nanga maloya omasula zigawenga zenizeni?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindilithawa.

Mu Ogasiti 1955 mnyamata wakuda wa zaka 14, Emmett Till wa ku Chicago, adapita kukacheza kwa abale ku Mississippi. Adatengedwa usiku m'nyumba ya agogo ake, namenyedwa, nawomberedwa, mtembo wake n'kuponyedwa mumtsinje wa Tallahatchie, chifukwa ankati adachita chipongwe mkazi wachizungu m'sitolo. Roy Bryant ndi J. W. Milam adazengedwa mlandu m'tauni ya Sumner mwezi wotsatira. Agogo akewo, Mose Wright, mlaliki wa zaka 64, adaimirira m'bwalo lodzaza ndi azungu, naloza chala amene adabwera kudzatenga mwanayo, ngakhale ankadziwa kuti chala chimenecho chingamuphetse. Maloya oteteza adachita chiyani? Adati mtembowo si wa mnyamatayo. Adakumbutsa jury, amuna 12 achizungu, za magazi a mtundu wawo, nati makolo awo sadzagona mumtendere m'manda ngati anthuwa apezeka olakwa. Jury idatha mphindi 67 zokha, niwamasula. Mu Januwale 1956 awiriwo, podziwa kuti lamulo silola kuzenga munthu kawiri pa mlandu umodzi, adaulula m'magazini ya Look kuti adamuphadi, nalandira ndalama chifukwa cha nkhaniyo.

Taonani tsono. Ku Detroit ndi ku Sumner chida chidali chimodzi: lilime lofika pamtima pa anthu 12. Kusiyana kudali pa chimene lilimelo lidadzutsa. Darrow adatchula tsankho kuti anthuwo alitaye. Maloya a ku Sumner adalitchula kuti anthuwo alikumbatire. Mmodzi adati, lowani m'nyumba ya mnzanu muone mmene akuonera. Enawo adati, kumbukirani kuti ndinu a mtundu wathu. Mpeni umodzimodzi umasenda chinangwa, umabayanso munthu. Wanzeru sataya mipeni yonse ya m'mudzi. Amafunsa kuti uli m'dzanja la yani.

Malemba amamudziwanso loya woipa. Mu Machitidwe a Atumwi 24, mkulu wa ansembe Hananiya adabwera ku Kaisareya ndi katswiri wolankhula, Tertulo, kudzaneneza Paulo. Tertulo adayamba ndi kuthira mafuta bwanamkubwa Felike, kenaka n'kumupaka Paulo maina oipa, popanda mboni yooneka. Paulo adayankha ndi zinthu zoti munthu angathe kufufuza: kuti padangopita masiku 12 chikwerere ku Yerusalemu, kuti palibe adamupeza akuutsa chipolowe, ndi kuti omuneneza enieni ochokera ku Asiya sadabwere n'komwe. Felike adamusunga zaka ziwiri akuyembekeza chiphuphu. Apa pali muyeso wanu. Loya wa mtundu wa Tertulo amasyasyalika woweruza, amatukwana munthu m'malo motsutsa umboni, amadalira mtundu ndi ndalama. Loya wa mtundu wa Natani ndi Paulo amaika choonadi patebulo, nachiunikira kufikira wakhungu achione. Otere a Tertulo alipo ngakhale kwathu: odya ndalama za amasiye, ozengereza milandu dala, oyenda ndi maenvulopu usiku. Amenewo adzudzuleni, kawanenezeni ku Malawi Law Society, ndipo ngati ali a mumpingo, seshoni iwaitane. Koma musatenthe nkhokwe yonse chifukwa cha anankafumbwe.

Wina afunsanso kuti: "Nanga loya akadziwa kuti munthu wakeyo adachitadi?" Apa ambiri timalankhula zimene sitidazifufuze. Mwambo wa ntchito yawo sulola loya kunamiza bwalo. Munthu akamuululira kuti adachita, loyayo saloledwa kuimika mboni yonama, kapena kuuza bwalo kuti adachita ndi wina. Chimene amaloledwa ndi kuumiriza boma kuti litsimikize mlandu wake popanda chikaiko chomveka, kuona kuti chivomerezo sichidatuluke ndi zibonga m'chitokosi, ndi kupempha kuti chilango chilingane ndi cholakwa. Pakuti kupha mwadala, kupha mwangozi ndi kupha podziteteza ndi zinthu zitatu zosiyana, ngakhale mtembo ndi umodzi. Mulungu mwini adasiyanitsa zimenezi. Mu Numeri 35 adalamula mizinda 6 yothawirako, kuti wakupha mnzake asafe ndi dzanja la wolipsira asanaime pamaso pa msonkhano, ndipo adaletsa kupha munthu pa umboni wa mboni imodzi. Ngati wopalamula sayenera kulankhuliridwa, nanga Mose ankachita chiyani paphiri pamene ankapembedzera anthu amene adali atangopembedza mwanawang'ombe wagolide? Nanga Abrahamu ankachita chiyani pa nkhani ya Sodomu?

Ndipo kwa inu amene mudataya m'bale wanu ndi dzanja la chigawenga, sindikupeputsa misozi yanu. Koma dziwani ichi: akamangidwa munthu wosalakwa, wakupha weniweni amagona kunyumba kwake, akuseka. Loya amene amapanikiza umboni wofooka akutumikira inunso, pakuti chimene mukufuna si mutu wa munthu aliyense, koma chilungamo.

Mukafuna kuona kulemera kwa loya, mverani iyi. Mu 1961 Clarence Gideon, mmphawi wa ku Florida, adaimbidwa mlandu wothyola nyumba yosewereramo. Adapempha loya, namukaniza. Adadziimira yekha, nagamulidwa zaka 5. Ali m'ndende adalemba ndi pensulo kalata yopita kubwalo lalikulu, ndipo mu 1963 bwalolo lidagamula kuti wosauka woimbidwa mlandu waukulu apatsidwe loya ndi boma. Mlandu utazengedwanso, loya wake adapanikiza mboni yaikulu ya boma mpaka umboni wake udagwa, ndipo jury idamumasula patangotha ola limodzi. Munthu yemweyo, mlandu womwewo, bwalo lomwelo. Chidasintha n'chakuti tsopano adali ndi womulankhulira.

Tibwere kwathu, pakuti ife Amalawi tilibe chowiringula. Tidalawapo dziko lopanda maloya. Mu 1969, m'nyengo ya mantha a kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, lamulo lidasinthidwa kuti makhoti otchedwa a miyambo azizenga milandu ya imfa, ndipo m'makhoti amenewo loya sankaloledwa kuimira munthu. Ife amene tidayamba ntchito ya boma m'masiku amenewo tikukumbukira mmene anthu ankanong'onera. Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno ndi nduna yoyamba ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera, loya woyamba wamkazi, adagwidwa mu Disembala 1981. Adazengedwa mlandu woukira boma m'khoti lotere ku Blantyre, opanda wowaimira, osaloledwa kuitana mboni zimene ankafuna, ndipo mu Meyi 1983 adagamulidwa kuti aphedwe. Mayiko akunja ndi mpingo wa ku Scotland atadandaula, chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Vera adatuluka mu Januwale 1993. N'chifukwa chake olemba malamulo aakulu a dziko lino mu 1994 adaika m'gawo 42 kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kuti akhale ndi loya, ndi kuti atengedwe wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Mawu amenewo adagulidwa ndi miyoyo ya anthu. Inu amene mukuti maloya achoke, mukupempha kubwerera kumene tidachoka tikulira.

Ndipo kumene loya ndi bwalo zachotsedwa, chimalowa m'malo n'chiyani? Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa ndi khamu powaganizira kuti adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, mpaka mumzinda wa Blantyre. Tsiku ndi tsiku m'misika mwathu, wina akangokuwa kuti wakuba, ena athamangira kale tayala ndi petulo. Ndani adafunsa mboni? Ndani adalankhulira nkhalamba zija? Naboti wa mu 1 Mafumu 21 adafa motero: mboni ziwiri zogulidwa, khamu, miyala, ndipo zonse zidachitika pa tsiku la kusala kudya, mwa dzina la chipembedzo.

Makolo athu sankatero. Pabwalo la mfumu munthu sankaima yekha ngati mtengo wa m'chipululu. Ankabwera ndi mwinimbumba wake kapena nkhoswe yake yomulankhulira, mbali zonse zinkamvedwa, nduna zinkafunsa, ndipo pokhapokha mfumu inkagamula. Ankati mlandu suola, kutanthauza kuti palibe chothamangira. Ankatinso kandimverere adakanena za m'maluwa, pokana umboni wa "ndangomva". Makolo athu a m'chikhulupiriro nawonso sankatero. John Calvin, asanakhale mphunzitsi wa mpingo, adaphunzira zamalamulo ku Orléans ndi ku Bourges. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, pa funso 112, pofotokoza lamulo loletsa umboni wonama, amaletsanso kutsutsa munthu mopupuluma asanamvedwe. Ndipo pamene akuluakulu a Ayuda adafuna kutsutsa Ambuye wathu asanamumve, Nikodemo yekha ndiye adawakumbutsa kuti lamulo lawo lomwe silitero, ndipo adamunyoza chifukwa cha ichi.

Tsopano tibwerere ku mawu owawa aja a Darrow. Adati wa Presbyterian asakhale pa jury chifukwa mtima wake ndi wouma. Kodi adatinamizira? Yankho silili m'mabuku; lili m'manja mwanu. Ambiri a inu simudzaitanidwa kukakhala pa jury ya boma, koma mumakhala pa jury tsiku lililonse. Chithunzi cha mnyamata womangidwa maunyolo chikafika pafoni yanu, ndinu jury. Dzina la mtsikana wa m'kwaya likayamba kuyenda m'manong'onong'o, ndinu jury. Ife akulu ampingo tikakhala pa seshoni kuti tiike munthu pa chilango, ndife jury yoopsa koposa, pakuti timagamula m'dzina la Khristu. Kodi timamva mbali zonse? Kodi wosauka amene satha kulankhula pamaso pa abusa timamulola kubwera ndi womuthandiza? Kodi wopereka chakhumi chochuluka ndi wamasiye wosoka mphasa timawayesa ndi muyeso umodzi?

Chotero ndikupemphani zinthu zinayi. Musatumize kwa ena chithunzi kapena dzina la munthu wongoganiziridwa, pakuti chala chanu pafoni ndi mwala. Mukaona khamu likuunjikana, itanani apolisi ndi amfumu, ndipo musaime nawo n'kumaonerera. M'bale wanu kapena mnansi wosauka akamangidwa, musabise nkhope ndi manyazi; pitani naye ku Legal Aid Bureau, imene boma lidaika kuti ithandize osatha kulipira loya, ndipo mukamuone kundende. Ndipo mwana wanu akati akufuna kuimira oimbidwa milandu, musamutemberere. Mudalitseni, nimumuuze kuti akhale Natani, asakhale Tertulo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Potsiriza, kumbukirani kuti tonsefe tili ndi tsiku lathu la mlandu. Mneneri Zekariya, mutu 3, adaona mkulu wa ansembe Yoswa ataima pabwalo lakumwamba ndi zovala zonyansa, Satana ali kudzanja lake lamanja kuti amuneneze. Zovalazo zidalidi zonyansa. Wonenezayo sadaname pamenepo. Koma Yoswa sadatayidwe, pakuti adalipo womulankhulira. Mtumwi Yohane, m'kalata yake yoyamba, amatchula Yesu Khristu kuti ndiye Nkhoswe yathu kwa Atate, ndipo Nkhoswe imeneyo siimira anthu osalakwa, pakuti otere kulibe. Imaimira inu ndi ine, ikudziwa zonse zimene tidachita, popanda kunama ngakhale liwu limodzi, italipira yokha mtengo wa mlandu wathu. M'bwalo limenelo muli maudindo awiri: woneneza ndi wolankhulira. Mkhristu amene amakondwera ndi kuneneza, nanyansidwa ndi kulankhulira, adzifunse kuti akufanana ndi uti.

Ambuye atipatse makutu awiri ogwira ntchito, lilime lochedwa kugamula, ndi mtima wolimba wakuima pambali pa amene aliyense wamuthawa. Amene mukutsutsana nane, lembani pansipa mwaulemu. Ndidzakumvani mpaka kumapeto, pakuti ndi zimene ndakhala ndikupempha. Ena nonse, awerengereni mawu awa agogo ndi achinyamata amene alibe foni.

Mulungu akusungeni nonse. Ndine mtumiki mnzanu m'munda wa Ambuye.